Mbuzi yonunkhira sopo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume mu 1994, pa butchala ya a Chikuse mumsika wa ku Kawale. Zida zathu zinali mpeni, chikwanje, sikelo ndi ngowe zopachikira nyama. A Chikuse sankakhulupirira munthu, ngakhale sikelo yawo yomwe ankaiyang'ana cham'mbali, ndipo matendawo anandipatsira.

Mawu oti mfule ndinawamvera kwa iwo, poti ife obadwira m'tauni mbuzi tinkaidziwira m'mbale. Anati mfule ndi mbuzi yamphongo yomwe amaifula ikadali yaing'ono, n'kuinenepetsa kuti idzadyedwe. Nyama yake ndi yofewa, sinunkha ngati ya tonde. Ine ndinangogwirapo za kufulazo.

Lachisanu lina a Chikuse anapita kumaliro. Ponyamuka anati, "Mayi Nyirenda a ku Biwi akukwatitsa mwana mawa, akufuna mfule. Ukalakwitsa usadzapondenso pano."

Cha m'ma teni kunafika bambo wina atamanga mbuzi pa kaliyala ya njinga. Mtengo unali wotsika moti ndinaganiza kuti ndi yakuba. Ndinamufunsa mudzi wake katatu kuti mwina aphonya, sanaphonye. Ndinasuzumira kunsi kwa mbuzi: yofula ndithu, bala linapola. Koma inkanunkhira sopo, ndipo ndevu zinali zodula.

"Ndi ukhondo chabe, achimwene," anatero akuseka.

Munthuyo ndinamukayikira kuyambira nsapato mpaka chipewa, koma mbuzi sindinaiyasamitse. Ndinagula, kuzinga, kusenda, n'kukapereka nyama ku Biwi.

Loweruka masana Mayi Nyirenda anatulukira atanyamula poto, a Chikuse ali pomwepo. Anangovundukula. Fungo la tonde linakafika mpaka kwa ogulitsa tomato.

"Alendo a kuchimuna adyera nyemba," anatero mayiwo, osakweza mawu. Ndinachita manyazi, mantha n'kumandigwiranso.

A Chikuse anatenga mutu wa mbuzi ija, womwe ndinawawula dzulo lake, n'kuukanula kukamwa. Mano anali otha, achikasu.

"Tonde wokalamba uyu, amufula chaka chino chomwe. Iwe unatanganidwa ndi kufunsa munthu. Mano unawafunsa?"

Anandilanda mpeni m'manja, ntchito n'kuthera pomwepo.

Lero ndili ndi butchala yangayanga ku Area 23. Wogulitsa akamalumbira kuti wabweretsa mfule, ndimamusiya alumbire, ine zala zili kale m'kamwa mwa mbuzi.