Madzi Achiwiri Amene Sindinathire

Ndikakumbukira komboni yathu ya Kanyama m'mwezi wa Juni, ndimaona masaka a chimera atayanikidwa padenga lathu lamalata, opsinjidwa ndi miyala kuti mphepo isawaulutse, nthunzi ikufuka pamgolo kuseri kwa nyumba. Fungo lake linali lotsekemera, losakanikirana ndi utsi wa malasha ndi fumbi la kumiyala kumene atate ankaphwanya miyala yogulitsa. Amayi ankafulula mowa wa chimanga ndi mawere okhaokha, wopanda shuga ngakhale kasupuni, koma ukali wake unkayendetsa amuna chammbali. Makondakitala a minibasi ankachoka ku Lilanda kuulondola.

Chinsinsi chawo chinali madzi. Phala likazizirako n'kuthiramo chimera, amayi ankalisefa m'saka n'kufinya ndi manja awo olimba aja, ndipo zotsala m'sakamo ankazitsukuluza ndi madzi otentha kamodzi kokha basi. Amenewo ndiwo tinkati madzi achiwiri. Ankawayesa ndi chigongono: alume koma asasupule khungu. Akatenthetsa amapha mphamvu ya chimera, akazizira amasiya kutsekemera konse m'saka, ndipo ukawonjeza achitatu ndiye kuti ukugulitsa thobwa. Koma amayiwo sankathira okha. Mwambo umene anabwera nawo kuchokera ku Katete unkati chimera ndi madzi achiwiri azithira mwana wosatha msinkhu, chifukwa thupi lake n'lozizira. Akathira mkazi amene ali kumwezi, womwa chikho choyamba amadwala mdulo, chifuwa chosamva mankhwala mpaka kulavula magazi. Wothira anali ine, ndipo ndinkanyada nazo kwabasi. Womwa chikho choyamba anali atate, nthawi zonse.

Chaka chimene ndikunenachi atate anali atayamba kale kutsokomola, kumiyala atasiya. Ndiye paja amati chakudza sichiyimba ng'oma. M'mawa wa tsiku losefa, nditalowa m'chimbudzi, ndinaona magazi pa kabudula wamkati. Mayo ine! Ndinadziwa tanthauzo lake, anzanga kusukulu ankanong'onezana, koma pakhomo pathu nkhani yotere sinkatuluka pakamwa pa mwana. Ndinang'amba chitenje chakale, n'kudzimangirira, n'kutuluka ngati palibe kanthu.

Kunja zonse zinali zokonzeka. Amayi atagwira saka pamwamba pa mgolo, ndowa ya madzi achiwiri ikufuka pambali, mbaula itatsala phulusa chifukwa malasha anali atatha. Atate anakhala pa njerwa pomwepo, atafunda bulangeti, kuothera dzuwa. Ndinanyamula ndowa ija. Ndikathira, ndawapha atate anga. Ndikakana, ndinene chifukwa, pamaso pa atate omwewo, chinthu choti mtsikana sanganene ngakhale atamuloza ndi mpeni. Ndinangoima chilili, madzi akukhavukira pazala za kumapazi, ine osamva n'kutentha komwe.

“Iwe, thira manje, manzi yazizila! Uyangana chani?” anakalipa amayi.

Ndinatsitsa ndowa pansi. Amayi anali ndi dzanja lofulumira, ndipo ndinatsinzina kudikira khofi. Silinabwere. Nditatsegula maso ndinapeza akundiyang'ana m'chiuno, pamene chitenje chinatumphuka, kenaka kumaso. Anatembenukira kwa atate n'kuwauza mofatsa kuti mphepo yakula, akagoneko m'nyumba. Atate analowa akutsokomola. Ndiyeno amayi anaitana mng'ono wanga Tisa, kamwana kosatha kunyamula ndowa, kuti kazitunga ndi kapu n'kumathira pang'onopang'ono. Pomwe kankamaliza, madziwo anali ofunda ngati osambitsira khanda.

Mowawo unatuluka wamadzimadzi. Makondakitala anaseka amayi kuti ayamba kufululira Sande sukulu, ena osabweranso mpaka mwezi unatha, ife n'kumadyera nyemba za soya tsiku ndi tsiku. Amayi sanandinene ngakhale kamodzi. Koma mantha anga sanathe, pakuti chimera cha mowa umenewo ndinali nditathira dzulo lake, ndipo sindinkadziwa ngati thupi limayamba kutentha magazi asanaoneke. Atate akatsokomola, ine ndinkakumbukira chimera chija. Ndinapirira mpaka ndinawafunsa amayi tikuchapa. Anati dzulo linali dzulo, ndinali mwana, ndipo ndisadzafunsenso.

Atate anamwalira mvula isanagwe. Kukiliniki anati chinali chifuwa chachikulu, chokulitsidwa ndi fumbi la miyala, ndipo lero, ndili mayi wa ana akuluakulu, ndikudziwa kuti ankanena zoona. Ndowa ya madzi sipha munthu. Mwambo uja ana anga saudziwa, ndipo sindiwaphunzitsa, chifukwa ndi katundu wolemera kumusenzetsa mwana. Komabe sindinama. Tsiku la maliro, azimayi ochokera kumudzi atawona magazi pansalu ya atate, ndinawamva akunong'onezana kuti uwu ndi mdulo, wathira ndani pakhomo pano. Amayi anawayankha mokweza, anthu onse akumva, kuti anathira ndi Tisa. Apo m'pamene ndinayamba kulira atate anga.