NyaMhango Anakana Kudikira Kachiwiri

Pa Njakwa, pafupi ndi mlatho wa Rukuru, panali mayi wogulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga, dzina lawo a Mabel, koma tonse tinkawaitana NyaMhango. Ndinakhala nawo moyandikana zaka makumi anayi, mpanda wathu unali umodzi.

Amuna awo, a Thomson, anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Theba, bungwe lotumiza anthu kumigodiko, mwana wawo Hezron ali kumsana. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Ngati anamwalira, palibe anaona manda. Ngati anakwatira komweko, palibe anatiuza. Anangosanduka mtchona, ndipo a NyaMhango anakalamba akusuzumira basi iliyonse yoima pa Njakwa.

Hezron anakula nakhala mlimi wofatsa. Chaka china cha njala anatchera msampha m'nkhalango yotetezedwa, anamugwira nyama ili paphewa, ndipo khoti linamupatsa zaka zinayi.

Loweruka lililonse a NyaMhango ankanyamula mbatata yophika ndi nyemba kupita nazo kundende. Pachipata pali lamulo lakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa msilikali akuona, kuopa poizoni. Iwo ankatapa kawiri, n'kunena kuti, "Mwana ndinayamwitsa ndekha, lero ndimuphe ndi nyemba?" Msilikali wina, a Laws, ankaseka n'kuwatsegulira. Hezron ankawauza kuti m'chipinda adzaza ngati mtedza m'thumba, amagona chokhala, wina kutsamira msana wa mnzake.

Masana ena tili pagolosale, wailesi inanena kuti maiko ena a ku Ulaya akuganiza zotumiza akaidi awo kundende za maiko ena chifukwa zawo zadzaza. Bambo wina anaimba foni kuwailesiko, amvekere, "Ifenso tichite zomwezo, tipume!" A NyaMhango anataya lichero, mtedza uli mbwee pansi.

"Munthu amabwereketsa khasu," anatero. "Koma mwana wa munthu? Akadwala amuone ndani? Akafa amuike ndani?"

Tinawatonthoza kuti zimenezo n'za azungu, kuno sizingafike. Loweruka lotsatira ndinawaperekeza, chifukwa mawondo awo anali atayamba kuvuta. Pachipata anatsegula bakuli kuti alawe monga mwa masiku onse, koma a Laws anawagwira dzanja.

"Mama, musalawe. Hezron kulibe. Lole inabwera Lachitatu, inatenga anthu makumi asanu kuti kuno kupepuke."

Bakuli linagwa.

"Mwamutumiza kunja! Mwamugulitsa ngati bambo ake!"

"Ayi mama, ali m'Malawi mommuno. Ali kundende ya ulimi kum'mwera, kupitirira Zomba. Kumeneko agona motambasula miyendo, n'kwabwino chomene."

"Kwabwino kwa yani, adada? Kwa inu ndi Malawi. Kwa ine amene sindinadutsepo Mzuzu, kumeneko ndi ku Joni."

A Laws anatulutsa cholembera. Anangolemba dzina la ndendeyo pakapepala n'kuwapatsa. A NyaMhango anathokoza kuti "yewo" osawayang'ana, n'kumanga kapepalako pangodya ya chitenje.

Tinabwerera kwathu. Ine ndinkaganiza kuti alira masabata angapo kenako azolowera, monga tinazolowera za a Thomson. Koma Lolemba m'mawa ndinawapeza akumanga mphasa, mphika ndi chiwaya chokazingira mtedza. Chimanga chili m'munda chosakolola! Amayi a Umanyano, anzawo a kutchalitchi, anathamangirako pakamwa pali yasa.

"NyaMhango, mwapenga? Zaka zanuzi mukakhala kwa yani? Chichewa chanu n'chothyokathyoka, akakusekani."

"Andiseke. Mwamuna ndinamudikira ndili pakhomo, mwamuona? Uyu sindimudikirira pano."

Anandisiyira kiyi ndi nkhuku zawo zitatu. Tinaima pamsewu kuonerera nkhalamba ya mawondo otupa ikukwera basi imene inakhala ikuisuzumira moyo wake wonse.

Anakhala kumeneko zaka zitatu. Mayi wina wachifundo anawapatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake, ndipo ankakazinga mtedza pamsika wapafupi ndi ndendeyo. Malungo anawagwetsa kawiri, ulendo wina tinamva mphekesera yoti atisiya, mpaka Umanyano unayamba kufunsana za galimoto yokatenga maliro. Koma Loweruka silinawaphonye.

Anabwera mwezi wa Juni, kukuzizira. Anatsika basi atauma ngati phesi, tsitsi lonse mbuu, Hezron atawagwira mkono. Ndinawaphikira mbatata ndi nyemba, tinakhala pakhonde. Hezron atatambasula dzanja, mayi ake anakoka mbale, natapa kawiri, natafuna, kenako anamukankhira.

"Mama, pano palibe msilikali," anatero Hezron.

"Ndikudziwa," anayankha. "Idya."