Mtengo wa kuseri kwa khola

Titakalamba, mwana wathu wamkazi anatitenga ine ndi mayi ake ku Majaua kuti tizikhala pafupi ndi chipatala, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Malowo anali tchire. Titalambula, kuseri kwa khola la mbuzi kunatsala mtengo wa mathunthu atatu, wautali kuposa denga, masamba ake olimba ndi onyezimira. Mvula ili pafupi kutha unachita maluwa oyera, pakati pachikasu. Njuchi zinasonkhana ngati pamsika.

Ine mitengo ndimaidziwa. Ku Majaua anthu ankabwera kudzafunsa ine. Uwu unandikanika.

Kenaka kamwana ka mbuzi kanafa. Mkazi wanga sanachedwe kupeza wolakwa.

"Ndi nthanga za mtengo wanu uja, bambo. Mtengo wopanda dzina sukhala pakhomo."

"Dzina uli nalo, mayi. Sindinalipeze chabe."

"Lipezeni, inu odziwa zonse. Tikangokolola chimanga, nkhwangwa."

Ndinathyola nthambi ya maluwa n'kupita nayo kumsika kwa ogulitsa zitsamba. Wina anati ndi mankhwala a mano. Wina anati ndi wa afiti, ndiutaye msanga. Onsewo ankangopeka. Ndinabwerera nayo nthambi yanga.

Kufika pakhomo, ndinapeza mkamwini wadula kale thunthu limodzi, chapamsinkhu wa m'chiuno, ati akuyesa chikwanje. Ndinamuyang'ana kamodzi. Anakaika chikwanjecho m'nyumba.

Kunagwa chiperoni masabata angapo, chimanga chikuchedwa kuuma. Mmawa wina ndikupita kukatsekulira mbuzi, ndinadutsa pachitsa chija. Chinali chitaphuka timasamba tanthete, tobiriwira mopepuka. Sindinaganize kanthu. Dzanja langa linangopita lokha, pwa! N'kuponya kumbuyo kudzera paphewa, kumene kulibe dengu.

Ndinaima. Ndinatola pansi chimene ndinaponyacho: masamba awiri ndi kansonga.

"Tiyi!" ndinakuwa. "Mayi, tulukani! Ndi tiyi uyu!"

Nkhuku zinabalalika. Mkazi wanga anatuluka akumanga chitenje, akuyesa ndaona njoka.

Unyamata wanga wonse ndinauthera m'minda ya tiyi ya paphiri lomweli, nkhondo isanabwere, dengu lili kumsana. Koma tiyi amene ndinkamudziwa ine anali wofika m'chiuno, wosalala pamwamba ngati tebulo. Kapitawo sankalola kuti nsonga ikule. Tinkathyola, ena n'kumadulira, chaka ndi chaka. Maso athu anali pansonga basi. Kuti tiyi akasiyidwa amakhala mtengo wopitirira denga, wodzaza maluwa chonchi, palibe anandiuza. Uyu anasiyidwa pamene tonse tinkathawira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, n'kudzikulira yekha.

Ndinamuonetsa mkazi wanga m'mphepete mwa tsamba, mano ake ang'onoang'ono ngati a sowo. Ndinalifikisa m'manja kuti anunkhize.

"Ndiye zaka zonse zija munkathyola chinthu chosachidziwa?"

"Ndachidziwa. Dzina ndi limenelo. Nkhwangwa ikhale."

"Nanga mbuzi yanga?"

"Tiyi sapha mbuzi. Funsani majumbo amene mumataya kudzala."

Anaseka mpaka kukhala pamtondo.

Madzulo ake ndinanola chikwanje ndekha. Thunthu lachiwiri ndinalidula m'chiuno, motsetsereka, monga tinkadulira kale kuti madzi asakhalepo. Mkamwini anafunsa ngati andithandize lachitatu.

"Limenelo musalikhudze," ndinatero. "Ndikufuna ndilione mpaka pamene limalekezera."