Chikhatho pa Windo la Galimoto

Dzulo ndinakwera minibasi pa Songani mvula ikugwa, ndipo fungo la mipando yonyowa linandibwezera m'galimoto ya bambo anga.

Inali galimoto yakalekale yobiriwira, yomwe ankaipukuta kunja tsiku lililonse. Mvula ikagwa, madzi ankadikha pansi pa mpando wakutsogolo, pomwe ankakhala mayi. Chimwalirireni mayiwo, panalibe yemwe ankakhalapo.

Loweruka lina bambo anawaza fumbi la choko m'mphepete mwa chitseko, kuti madzi akamalowa asiye mzere. Anandikhazika pampando womwewo n'kutseka mawindo onse.

"Uyang'anitsitse," anatero. "Ukaona dontho, ugogode."

Anayamba kukhuthula ndowa padenga. Mkatimo munachita mdima, ndipo nkhope yawo inkasungunuka kuseri kwa madzi. Munkanunkha nkhungu ndi dzimbiri. Mpweya wanga unachititsa chifunga pawindo, ndipo m'chifungamo munatuluka chikhatho. Zala zisanu zazitali, chala chaching'ono chopindika ngati cha mayi. Mayiwo ankadzola mafuta ambiri m'manja, ndipo tsiku lomwe tinkawapititsa kuchipatala anatsamiritsa dzanja lawo pawindo pomwepo njira yonse.

Dontho linatsika pachoko, linanso n'kutsatira. Ndinaliona, koma dzanja langa silinanyamuke.

"Iwe, kukudontha?" bambo anafuula kunja.

"Thiraninso, ababa," ndinayankha.

Ndinamva ndowa ikulira, akupita kukatunga ena. Chifunga chija chinayamba kuchoka, zala zija n'kumazimiririka chimodzichimodzi. Ndinasendera pafupi, ndinatsegula pakamwa, n'kupumiranso pawindopo.