Ludzu limene ndinkati ndi la sukulu

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Linayamba mu Malichi, fodya ali m'zigafa, ndipo sindinalilabadire. Ndine mlangizi wa alimi a fodya ku Ngauma, tsiku lonse ndimakhala pa mota, njinga yamoto, kuzungulira minda. Pa ntchito yotere munthu akamva ludzu sadabwa.

Mwezi umodzi m'mbuyo mwake ndinali nditalembetsa digiri ya zaulimi pa yunivesite ina yophunzitsa kudzera pa intaneti. Zaka makumi anayi ndinali nditadutsa. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kusankha fodya ankabwerera ndi mapepala n'kukhala mabwana anga, ndipo sindibisa, zinkandiwawa. Maphunziro onse ankabwera pa foni. Kwathu netiweki imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa sukulu ya pulayimale, ndiye ndikaweruka ndinkakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, botolo la refresko, chakumwa chotsekemera, pambali kuti ndisawodzere. Mayeso okha ndi amene tinkayenera kukalembera ku Cuamba, pamaso pa oyang'anira.

Pofika mu Epulo ndinkakodza pafupipafupi, lamba ndinamubowola kabowo kena, ndipo zilembo za pa foni zinayamba kuchita chifunga. Aliyense anasanduka dokotala. Anzanga a kuntchito ankandiseka kuti sukulu ya ukalamba imadya mnofu. Mkazi wanga, mayi a Tereza, ankati ndi kuwala kwa foni. Onsewa ndinagwirizana nawo, poti mayankho awo sankandituma kukaima pamzere wa kuchipatala. Tsiku lina pa msika wa ku Mandimba ndinayesa magalasi pa benchi la wogulitsa mawotchi. Ndinapeza ondikwana, ndinaona bwino masiku angapo, kenako chifunga chinabwerera. Ndinagula ena, nawonso anachita chimodzimodzi.

Koma chimene chinkandiletsa kwenikweni anali mawu amodzi. Pa gulu lathu la ophunzira la pa foni, munthu akasowa anzake ankalemba kuti "watrankara". Chipwitikizi ndimachidziwa, ndipo kutrankara ndi kukhoma chitseko ndi loko. Ine ndinamva kuti wophonya mayeso amamukhomera kunja, zake zathera pomwepo. Sindinafunse. Bambo wa ana anayi kukafunsa tanthauzo la mawu kwa ana a dzulodzuloli ndinkakuona ngati kudzivula ulemu. Ndinangoti kuchipatala ndidzapita mayeso akatha.

Mu Juni ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Cuamba. Kunkazizira, anthu atafunda majekete, ine ndikugula madzi paliponse pamene taima. Atandipatsa pepala la mayeso ndinawerenga dzina la phunziro lokha, chifukwa linali m'zilembo zikuluzikulu. Zina zonse zinali mizere yotuwa. Ndinavula magalasi, ndinawapukuta ndi malaya, ndinavalanso, koma ayi ndithu. Mantha a tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Za digiri zinachoka m'mutu. Ndinkangodzifunsa kuti munthu wosaona ayendetsa bwanji mota, nanga ana awadyetsa chiyani. Woyang'anira mayeso ataona kuti sindikulemba kanthu, ananditulutsa n'kundipezera wondiperekeza kuchipatala.

Kumeneko namwino anandibaya chala, anayang'ana kamakina, n'kubwerezanso. Anandigoneka tsiku lomwelo ndi kundiika madzi a m'mitsempha. Dokotala atabwera anati, "Bambo, muli ndi matenda a shuga, ndipo yakwera kwambiri. Ikamakwera ndi kutsika diso limasinthasintha, n'chifukwa chake magalasi amakukanani. Musagulenso ena mpaka titakuuzani."

Ndinakhala m'chipatala kupitirira sabata. M'mawa uliwonse ankatibaya chala tisanadye, kenako jakisoni, kenako kudikira madokotala. Kudikira kunali kwambiri kuposa mankhwala. Foni sindinkatha kuwerenga, choncho ndinkangomvera sitima zikudutsa. Mayi a Tereza anabwera n'kumagona kwa msuweni wawo pafupi ndi njanji. Ankandibweretsera zimene anauzidwa, masamba ambiri, nyemba ndi tiyi wopanda shuga. Tiyi ameneyo ndinkamwa ndi nkhope ya maliro.

Tsiku lina namwino wina, mayi wa msinkhu wanga, anandifunsa chifukwa chimene ndinkangoyang'ana kukhoma. Ndinawauza kuti ndaphonya mayeso, kusukulu andikhomera kunja. Anayamba aseka kaye, kenako anati, "Bambo, kutrankara mumatrankara nokha. Mumaimitsa kaye maphunziro n'kutsekera malo anu kuti akudikireni. Ine ndinatero ndili woyembekezera, pano ndili chaka chachitatu."

Miyezi yonse ija ndinkathawa chitseko chimene kiyi wake anali m'thumba mwanga. Mayi a Tereza anandiimbira nambala ya mphunzitsi wotiyang'anira, ndipo iye anavomereza kuti ndi momwemo, n'kundifotokozera zoyenera kuchita. Zinatheka ndili chigonere pabedi.

Nditatuluka anandichotsa pa jakisoni n'kundiika pa mapiritsi. Maso anayera pang'onopang'ono, ndipo mu Ogasiti ndinayambanso kuyendetsa mota. Atandipima maso bwinobwino anapeza kuti diso lamanzere linawonongeka pang'ono mkati. Kachidontho kotuwa kalipo mpaka lero. Dokotala anati sikatha, koma shuga ikamakhala pamalo pake sikakula. Anatinso matendawa ayenera kuti anayamba kale ludzu lisanaonekere. Mwezi uliwonse ndimapita ku Mandimba kukapimitsa ndi kutenga mankhwala. Refresko ndinasiya, pa chulu ndimapita ndi madzi. Thupi linabwerera, ndipo ntchito ndimagwira ngati kale.

Chaka chotsatira ndinatsegula malo anga aja. Phunziro limene ndinalisiya ndinakalilembanso ku Cuamba m'chipinda chomwecho, ndipo funso lililonse ndinaliwerenga ndekha mpaka pansi pa pepala. Ndinakhoza, ngakhale osati mochititsa kaso.

Akulu anzanga amene mukuphunzira uku mukugwira ntchito, kutopa kwa sukulu kulipo ndithu, koma si chilichonse chimene chili cha sukulu. Ludzu losatha, kuwonda popanda chifukwa, maso a chifunga, zimenezo kapimitseni msanga. Kubayidwa chala sikutenga nthawi. Ndipo mawu a kusukulu amene simukuwamvetsa funsani, ngakhale kwa mwana, poti kufunsa ndi kudziwa njira.

Anzanga amene ndinayamba nawo adzavala mikanjo chaka chamawa, ine ndikadali m'mbuyo ndi chaka chathunthu. Ndawauza kuti andisungire mpando wa alendo. Ndidzakhala kumbuyo kwenikweni, koma kuwaona ndidzawaona.