Bondo Langa ndi Mapira a M'jekete

Ku Makanjira ndinkagwira ntchito ya utelala, koma chimene chinanditchukitsa si kusoka ayi. Kusoka kwanga kunali kwa bola kuvala: mwendo wina wa buluku unkatha kupitirira unzake, mwini wake n'kumangoyenda chopendekeka kuti zisaonekere. Chinanditchukitsa ndi bondo langa la kumanzere. Ndinalivulaza tsiku lina lole yochokera ku boma itatitimira m'matope, ine pofuna kuonetsa unyamata n'kudumpha osayang'ana pofikira. Litapola linatsala ndi khalidwe lake. Mvula ikayandikira linkawawa ngati muli msomali.

Ndinangozitchula kamodzi pakhonde la sitolo pomwe ndinkasokera, mawa lake mvula n'kugwadi. Basi, ndinalembedwa ntchito imene sindinafunsire. Wailesi inkanena zanyengo, inde, koma inkangoti kugwa mvula ya apo ndi apo, ndipo sitinkadziwa ngati kwathu kuli m'gulu la apowo. Bondo langa linali la pompano. Alimi ankabwera ndi malaya osang'ambika kwenikweni kuti apeze poyambira nkhani. Amayi a madimba ankafunsa ngati avutike kutunga madzi othirira mpiru kapena adikire. Asodzi nawonso ankandiponyera funso podutsa, ngakhale pano ndimaganiza kuti iwowo ankangondiseka. Ine ndinkayamba ndasisita bondolo, n'kuyang'ana kutali, kenako n'kuyankha pang'onopang'ono ngati munthu wotopa ndi nzeru. Ndikalondola, mbiri inkafika mpaka kumidzi ya m'malire. Ndikaphonya, ndinkati mvulayo yagwa apo.

Zinali zaka zija anthu ankadutsa malire kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, atanyamula zokhazo zimene mutu ungasenze. Tsiku lina m'nyengo yotentha, nyenje zikulira ngati zalipidwa, pakhonde panga panafika bambo ena achikulire a kachisoti koyera ka kumzikiti. Anavala jekete lakuda lokhuthala, dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo panali mwana wawo wamkazi, amene lero ndi mayi wa ana anga, koma tsiku limenelo sanandiyang'ane n'komwe.

"Atelala," anatero bambowo akuvula jekete lija, "labooka pampendero apa. Musoke, koma musalikutumule."

Nditalinyamula ndinamva kuti likulemera kumunsi, ndipo munkamveka kuwayawaya. Pabowo paja panagwa kanjere kofiira, n'kugubuduka pamakina anga. Bambowo ananyowetsa chala ndi malovu, n'kukatola, n'kukabwezera momwemo.

Anali mapira. Tsiku lothawa, mwana wawo uja anawasokerera mumpendero monsemo kuti asilikali a m'njira asawaone. Anali a m'munda mwawo, mtundu wofiira umene makolo awo ankalima, ndipo panalibenso ena. Kuno ankalandira ufa ndi nandolo za chithandizo, koma mbewu yotere panalibe woigawa. Munthu wina wachifundo anali atawabwereka kamunda kuseri kwa dambo.

Ndinayang'ana kasokedwe ka mpenderowo. Kanali ka pamanja, koma kowongoka kuposa ka makina anga. Ndinayamikira mokweza kuti mwini wake amve. Iye anayang'ana buluku lopendekeka limene ndinapachika pachingwe.

"Kwathu mvula ndimaidziwa," anapitiriza bambowo. "Imatulukira paphiri la kuseri kwa nyumba, ndikangoliona lavala chisoti ndimatenga khasu. Kuno nyanjayi ikundisokoneza mutu. Akuti inu muli ndi bondo."

Mtima wanga unakwera kumwamba. Mbiri yodutsa malire si masewera. Ndinasisita bondo lija nthawi yaitali kuposa masiku onse, n'kunena kuti, "Bambo, musaponye njere pansi mpaka ine nditakuuzani."

Iwo anathokoza kwambiri. Koma anali ataona mmene ndinkatsimphinira popita kukatenga ulusi, ndipo anali munthu wosakonda kulandira chabe. Anati amadziwako mankhwala a mafupa. Ndinavomera msanga, chifukwa ndinamva kuti wogwira kachigoba ka mankhwalawo adzakhala mwana wawo. Ananditema mphini ndi lezala kuzungulira bondo lonse, n'kupakamo phulusa lakuda loyabwa ngati tsabola. Ndinkafuna kuonetsa chamuna, koma misozi inatuluka yokha popanda chilolezo changa. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pasanapite nthawi bondo linapoleratu. Ndinkapalasa makina ngati njinga, mpaka ndinabwerera kumpira. Za ntchito ina ija ya bondolo sindinaziganizire ngakhale pang'ono.

Chaka chimenecho chizimalupsa, kamvula koyamba kaja kongozimitsa moto wa m'tchire n'kuchoka, sikanabwere pa nthawi yake. Tinadikira mpaka mango anayamba kupsa. Ndiye tsiku lina masana mphepo ya mpoto inadzuka, kunyanja kunada bii, mabingu n'kuyamba kugunda. Mkuntho unasasula madenga a udzu, malata a sitolo ankakupiza ngati akufuna kuuluka, mango anayoyoka pansi osapsa ndi akupsa omwe. Madzi anathamanga m'njira ngati mtsinje. Ine mlosi wa mudzi wonse mvulayo inandipeza nditayanika zovala za eni ake panja, ndipo ndinathamangitsana ndi diresi la mkazi wa mwini sitolo mpaka kuchigayo. Bondo silinanene kalikonse. Linathamanga bwino kwambiri.

Kutacha, mudzi unagawikana. Ena ankati ndi chizimalupsa chochedwa, wobzala alira. Ena ankati chizimalupsa sichigwa chonchi, iyi ndi yobzalira, wochedwa adzadya za anzake. Amene anali ndi chimanga chambiri m'nkhokwe sankavutika mtima, chifukwa chikapsa akanabzalanso. Bambo a jekete aja analibe kachiwiri.

Anthu atadzaza pakhonde, ndinawauza kuti bondo likumvetserabe, abwere madzulo. Ndinazembera kuseri kwa sitolo kukalidzutsa. Ndinaligogoda ndi chigwiriro cha sizasi, koma linangoti zii. Ndinalipinda, ndinalipotokola, osatheka. Kenako ndinakwera pachulu n'kudumpha ndi mwendo umodzi, n'kukweranso, n'kudumphanso. Ndili m'mwamba ulendo wina, ndinaona mwana wa bambo aja ataima ndi ndowa pamutu.

"Mukutani, atelala?"

"Ndikufunsa za nyengo."

Anayang'ana chulu, n'kuyang'ana ine. "Ndiye likawawa tsopano, tidziwa bwanji ngati ndi mvula kapena ndi chuluchi?"

Ndinangoima pamenepo ndi matope mpaka m'mawondo.

"Bambo akukudikirani kuyambira m'mawa," anatero. "Khasu lili m'manja."

Ndinapita kukawauza zoona, kuti chichitireni mphini zija bondo langa ndi bondo wamba. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti ndachiritsa wailesi ya mudzi wonse," anatero akupukuta m'maso. "Anthu akamva andithamangitsa."

Koma kuseka kutatha anayang'ana kumwamba kumene sankakudziwa. Pamenepo ndinamva chisoni chenicheni. Munthuyo anataya nyumba, munda ndi phiri lake, n'kudalira bondo la telala, bondolo n'kukhalanso lopanda ntchito.

"Masulani mpendero wa jekete mbali imodzi yokha," anatero pomaliza. "Ya kumanjayi tibzala. Ya kumanzereyi isiyeni, ndi ya kumudzi. Nkhondo ikatha ndikaiponya m'munda mwanga."

Ndinamasula mbali imodziyo, n'kutseka bwino pakati kuti otsalawo asadutse. Tinabzala tsiku lomwelo. Mapira anamera bwino, timasamba tosongoka tili ndondondo m'mizere, ndipo bambowo ankapita kukationa m'mawa uliwonse akachoka kumzikiti. Ine ndinayamba kuuza anthu kuti ndinkadziwa kale kuti inali yobzalira.

Kenako kumwamba kunayera mbee. Dzuwa linabwerera ndi ukali wonse, ng'amba n'kukhazikika. Tinayesa kuthirira ndi ndowa kuchokera kudambo, ndipo ine ndi bondo langa labwinolo ndinalibe pothawira, ndinasenza madzi mpaka khosi linalowa m'mapewa. Dambo nalonso linauma. Timasamba tija tinapota, tinafiira, n'kugona pansi. Anthu analeka kubwera kudzafunsa za nyengo pakhonde panga. Obwera anali a mabuluku ong'ambikadi, ndipo anali ochepa.

Mvula yeniyeni inabwera mosachita phokoso. Inayamba m'mawa, yamawawa, n'kugwa tsiku lonse ndi mawa lake lomwe, nthaka n'kumwa mpaka pansi. Apa panalibe wotsutsana ndi mnzake. Mudzi wonse unatuluka kukabzalanso.

Bambo aja anafika pakhonde panga atavala jekete lawo, lolemera mbali imodzi. Mwana wawo anali nawo, atanyamula kambale. Anakhala pabenchi osanena chimene abwerera. Ine, poti kukhala chete sindikutha, ndinayamba kulongosola za mitambo, za mphepo ya mpoto, za mmene achule akulirira chaka chino. Palibe amene ankandimvera.

"Bambo," anatero mwana wawo motsitsa mawu, "anankafumbwe ayamba kulowa. Ndaona ufa pampendero. Mapirawa sangafike chaka chamawa ali m'nsalu."

Bambowo anatembenukira kwa ine.

"Atelala, wailesi ya m'sitoloyi mumaimva. Yanena chiyani?"

"Akuti mvula ipitirira m'madera ambiri, makamaka m'mbali mwa nyanja."

"Sindikunena za mvula. Za kwathu."

Ndinayang'ana pamakina. Ndikanakonda kukhala ndi yankho la apo ndi apo, koma panalibe.

"Akumenyanabe, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana madzi akudontha kuchokera pamalata. Kenako anavula jekete lija, n'kuliika pamiyendo panga.

"Masulani. Onse."

"Nanga a kumudzi aja?"

"Chaka chino sitibwerera," anatero. "Mbewu singadikire mpaka anthu atatopa kuphana."

Ndinatenga lezala. Ndinatembenuza jeketelo kuti ndione mpendero wa kumanzere uja. Ndinadula ulusi umene mwana wawo anasoka tsiku lothawa, mfundo imodzi imodzi, mapira n'kumagwera m'kambale. Anali ochepa kuposa mmene ndinkaganizira, ena atabooka kale. Nditamaliza ndinafunsa ngati ndisokenso mpenderowo. Anati ndisavutike.

Anavala jekete lija, lopepuka tsopano, n'kugwiragwira m'munsi mwake mopanda kanthu. Kenako analandira kambale m'manja mwa mwana wawo, anakaphimba ndi chisoti chawo kuti kasanyowe, n'kutsika pakhonde kulowa mumvula ali mutu wambee, kulunjika kumunda wobwereka uja.