Tsiku Limene a Ziba Anabweza Ndege

Kumwera kwa Mzimba Boma, mukadutsa minda ya fodya ndi zigafa zake, pali bwalo la ndege loti mlendo akhoza kulidutsa osalizindikira n'komwe. Ndi kamzere ka udzu chabe, miyala yopaka laimu mbali zonse ziwiri, ndi mzati wachitsulo pamene pamalendewera chithumba chosonyeza mphepo, chimene aliyense amangochitcha sokosi. Bwaloli ndi la chipatala cha mishoni chapafupi pomwepo, koma mukafunsa anthu a m'mudzi akuuzani kuti ndi la a Ziba.

A Feston Ziba alisamala bwaloli zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndege sanakwerepo, ndipo anasiya kalekale kuyembekezera kuti wina adzawauza kuti lowani tikuzungulitseniko. Ntchito yawo ndi chikwakwa, khasu ndi kukangana ndi anthu. Amatchetcha udzu, akafika kumapeto n'kupeza koyambira kuja wameranso. Chiswe chikamanga chulu amagumula, mfuko ikafukula amakwirira. Ndiye pali ng'ombe. Munthu wa ku Mzimba mungamuuze chilichonse, koma mukamuuza kuti ng'ombe zake zisadye msipu wobiriwira umene zikuuona ndi maso, mwaputa mlandu. A Ziba atopa nazo, mawondo amachita kulira akamadzuka pampando. Zonsezi n'chifukwa cha kandege kobwera kanayi kapena kasanu pachaka.

Sokosi yoyamba inang'ambika chaka chawo chachitatu, ndipo yatsopano ikulonjezedwabe mpaka lero. Amene anasoka ina ndi akazi awo, a Felesta, amene pamudzi amawatcha NyaHara. Anadula nsalu za maambulera akutha n'kuzilumikiza pamanja, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ankaitsitsa n'kuigamba. Koma zaka zitatu zapitazo ng'ala inayamba kuwaphimba maso, lamanzere kenako lamanja. Anasiya singano, anasiya kupita okha kudimba, ndipo mdzukulu wobadwa chaka chatha amangomudziwa ndi zala. Dokotala wochotsa ng'ala amabwera pa ndege yomweyo kawiri pachaka. Ulendo woyamba dzina lawo linali kumunsi kwa mndandanda, dzuwa linapendeka asanaitanidwe. Ulendo wachiwiri anagona ndi malungo. Ulendo uno wa mu Disembala anali achitatu pamndandanda.

Tsikulo a Ziba anawagwira dzanja m'mamawa mpaka pabenchi ya pakhonde la chipatala, iwo n'kubwerera kubwalo. Anayenda mzere wonse kawiri akuponda pofewa ndi chidendene, anapirikitsa mbuzi, n'kukhala pansi pa mzati, kawailesi kolankhulirana ndi ndege kali pamiyendo. Ndege inayenera kufika teni koloko, koma inachedwa kunyamuka ku Lilongwe. Pofika masana kunatentha mpaka malaya kumata pamsana. Chakumadzulo, mbali ya ku Zambia, mtambo unayamba kuunjikana, pamwamba poyera, pansi pake pali bii.

Za nyengo a Ziba sanaphunzire m'kalasi. Anaphunzira chaka chawo chachisanu pantchito, tsiku limene ndege ina inathamangira kutera mvula isanafike. Pabwalo panali pasanagwe ndi dontho lomwe. Ndegeyo inatsika bwinobwino, kenako inangogwa ngati wina waikankha ndi chikhatho, tayala n'kuthyoka, n'kukaima m'chimanga cha eni ake. Onse anatuluka amoyo, koma namwino mmodzi amatsimphina mpaka pano. Woyendetsa ndege wina anadzawafotokozera kuti mtambo wa mabingu umagwetsa mphepo yozizira pansi, ndipo mphepoyo imamwazikira mbali zonse, kutsogola mvula ndi mtunda wautali. Ndege yaing'ono ikakumana nayo ili pafupi ndi nthaka, mphepo imene inali kumaso imatembenukira kumbuyo, mapiko n'kusowa chowanyamula. "Ife kumwamba mtambo timauona," anatero, "koma zimene mphepo ikuchita pa udzu wanuwu mumaziona ndinu."

Itangopitirira thu koloko kawailesi kanalira. Anali a Melissa, amene akhala akuyendetsa ndegeyi zaka zaposachedwa.

"A Ziba, ndatsala ndi mphindi khumi. Mtambowo ndikuuona, koma ndikuganiza kuti ndiutsogolera. Pansipo pali bwanji?"

A Ziba anayang'ana sokosi. Inali italendewera ngati chovala chonyowa, masamba a mitengo ali zii. Akanatha kunena kuti zonse zili bwino, ndipo silikanakhala bodza. Pakamwa anatsegula ndithu. Kenako anamva kamphepo kozizira pakhosi, kali ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo ng'ombe za kutsidya zinatembenukira mbali imodzi. Sokosi inadzuka n'kuloza kum'mawa, inagwa, inadzukanso n'kuloza kumpoto.

Mtima unawapweteka. Anaganiza za NyaHara pabenchi paja, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, akutchera khutu kumwamba chiyambire m'mawa. Mphindi khumi zokha. Mwina ndege ikanatera bwinobwino, ambiri amatera.

"Yayi, amama," anatero. "Mphepo yayamba kuzungulira chomene. Sokosi ikusinthasintha. Musatere."

"Mwatsimikiza? Adokotala akuti odwala akudikira."

"Nkhumanya, amama. Ndikudziwa bwino. Musatere."

A Melissa anati apita chakum'mawa, kutali ndi mtambo, akazungulireko theka la ola. Ndege inaoneka pang'ono pamwamba pa mitengo, inakhota, phokoso lake n'kumachepa. Pasanathe mphindi zisanu mphepo inafika ndi fumbi lake, inasasula denga la chigafa cha kutsidya kwa msewu, kenako matalala. Mvula inagwa ola ndi theka. Pamene imakata, bwalo linali litasanduka dambo, ndipo kawailesi kanali katanena kale kuti mafuta sakulola kudikiranso, abwerera ku Lilongwe. Dokotalayo anali ndi zipatala zina zomudikira. Ulendo wotsatira ndi wa mu Juni.

Palibe anawathokoza. Angathokoze chiyani, popeza palibe chinachitika? Pachipatala anthu ankamanga mitolo yawo akung'ung'udza kuti ndege inafika pamwamba penipeni n'kubwerera. Bambo wina amene anayenda ulendo wautali pangolo ndi mayi ake anati wamva kuti waikaniza ndi mlonda wa bwalo, munthu woti sukulu sanapite nayo patali. A Ziba anadutsa pakati pawo ali chonyowa, sokosi ili m'khwapa, pakuti mphepo inali itaing'amba n'kuiponya paminga.

NyaHara anawazindikira ndi mayendedwe, n'kuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Awiske Linily, ndege ndinaimva. Inabwera, mbwenu inapita."

"Inapita, NyaHara."

"Akuti mwaibweza ndinu."

"Ndine."

Madzi ankadontha kuchokera padenga. A Ziba anakhala pambali pawo, mawondo akulira. Anamva chisoni, anamvanso kutopa kwa zaka zonse zija nthawi imodzi.

Dzanja la NyaHara linakhudza chinthu chonyowa chija. Anachikokera pamiyendo pawo, zala zikuyenda m'misoko imene anasoka okha maso akadali bwino, mpaka zinaima pong'ambika paja.

"Yang'ambika pamsoko wanga wakale," anatero.

"Ndipeza wina asoke."

"Wina ndani? Asoka mokhota, iziloza kolakwika." Anaipinda bwinobwino n'kutambasula dzanja kuti a Ziba awadzutse. "Tiyeni kunyumba. Mukandilowetsere ulusi m'singano, kwinako zala zikudziwa. Mu Juni mudzafuna kuona mphepo."

A Ziba anawagwira dzanja, n'kuyamba kuwauza pamene pali zithaphwi.